Kukapala Moto ku Nyumba Yopanda Mazenera

Sabata yathayi ndinamanga chitenge changa cha maluwa a buluu, ndinatenga chivundikiro cha poto, ndinapita kukapala moto ku nyumba imene sanaphikemo chiyambire. Musaseke msanga, anzanga. Sendezani mpando, ndikuuzeni mmene zinayendera, pakuti mtima wanga ukuvina ndipo miyendo ikupempha kutsatira.

Tiyambe ndi zokoma. Kwathu kuno ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, kwabwera mlendo. Mwana wanga Yobe, uja amayendetsa minibasi ya ku tauni, iye ndi mkazi wake atipatsa kamtsikana. Dzina lake Taonga. Kamutu ngati lalanje, tizala ngati zitheba zanthete, ndipo kakayasamula ndimaona chibwano cha malemu amuna anga. Mchombo utagwa tinamutulutsa panja m'mawa, ndinamukweza kuti alione dzuwa, ndinaimba mpaka nkhuku za aneba zinakabisala pansi pa tebulo la tomato. Taonga wafika, Taonga wafika, wapeza ambuya ake mawu akadalimo.

Koma paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kamwana aka kandionetsa chinthu chimene chinali m'nyumba mwanga momwe, ine osachiona.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli khoma lalitali, pamwamba pake waya. Kuseri kwa khomalo anamangako chinyumba chachikulu chotuwa, chopanda zenera ndi limodzi lomwe. Sagulitsamo kanthu, salandiramo odwala, sapempheramo. Chimangolira chapansipansi ngati njuchi zatsekeredwa mu mgolo. M'komboni munayenda nkhani zambiri. Ena ankati ndi mochale ya anthu olemera. Ena ankati amasungamo nkhuku zowuma ndi chisanu. Abusa ena achinyamata anatsimikiza kuti ndi za usatana, mpaka anakathira mafuta odzozera pa ngodya ya khoma. Ine sindinalowerere. Chimene ndinkadziwa n'chimodzi: malaiti akapita kwathu, kumeneko sikuda. Kumangomveka jenseti ikutsokomola, kenako inzake, kenako inzakenso, utsi wa dizilo tolotolo, ndipo mphepo ya kum'mawa imausenza n'kudzautula padenga pathu ngati katundu amene tinaitanitsa.

Nyumba yathu ili ndi zipinda ziwiri zogona. Chakumaso, choyang'ana kumsewu, ndi changa, ndagonamo kuyambira kuno kudakali miyala ndi zithaphwi. Chakumbuyo, chimene zenera lake linayang'anizana ndi khoma lija, ndi cha Yobe ndi apongozi anga, amake Taonga.

Apongozi angawa ndi mwana wa ku Matero, woleredwa bwino, ndipo ndi iwo amene amakulemberani mawu anga sabata ndi sabata, ine ndikuyankhula, pakuti cholembera ndi ine tinangopatsana moni patali. Pano akulemba akundiyang'ana cham'mbali. Lembani, mayi, lembani zonse.

Anayamba kudandaula akadali ndi pakati. Ankati utsi ukudzaza m'chipinda, mutu ukuwawa. Ine ndinkati ndi mimba imeneyo, mimba imanunkhitsa ngakhale madzi akumwa. Ndikakhala pakhonde kumaso kuno ndinkangomva kafungo chabe, kosaposa ka minibasi ikadutsa. Ndiye ndinkaseka n'kumati ana a m'nyumba za khansolo mphuno zawo n'za ulemu.

Nanga ndikanadziwa bwanji? Mwambo mukuudziwa. Mayi salowa m'chipinda cha mwana wake wokwatira. Chiwalandirireni apongozi, phazi langa silinapondepo pakhomo paja. Ndikafuna kanthu ndimaima patali n'kutsokomola. Ngakhale masiku a chikuta, mwana ankanditulutsira pabalaza kuti ndimusambitse. Nyumba ndi yanga, njerwa ndinasenza ndekha, koma chipinda chimenecho chinali kutali ngati kumudzi kwathu ku Katete.

Lolemba malaiti anapita kusanatenthe, majenseti anayamba nyimbo yawo. Pofika masana Taonga ankapuma ngati kamwana ka mphaka, kamphuno katatsekeka, bere akulikana. Anathamanga naye ku kiliniki. Anesi anati sichinafike pa chibayo, koma mwana atalikirane ndi utsi, utsi wa mtundu uliwonse. Pobwerako apongozi sanakalipe ayi. Anandipeza ndikusadzula nkhwani, anagwada pakhomo la khitchini, mwana ali pachifuwa.

"Amai, nakamba na bamayo ku Matero. Pa Sondo nizayenda na mwana. Tizabwela akakulako."

Akakulako. Mwana amakulako liti? Akayamba kukwawa pa simenti ya eni? Dzino loyamba likaonedwe ndi ambuya a ku Matero, ine n'kumangolimvera pa foni? Asewere anga sindidana nawo, ndi mayi wabwino. Ku Matero si kutali, ndi mabasi awiri chabe, koma mawondo anga ndi mabasi awiri sakhala mphika umodzi. Ndinayang'ana Yobe. Yobe anayang'ana makiyi a minibasi. Mwamuna akapanikizidwa pakati pa mkazi ndi mayi wake amasanduka mpando.

Sindinawaletse. Ndani angaletse mayi kuthawitsa mwana? Ndinangopempha kuti masiku otsalawo andipatse ine.

Kwathu ku Katete, ngakhalenso muno m'komboni, mnansi akakulakwira suyambira kupolisi. Umatenga phale kapena chivundikiro, n'kupita kukapala moto. Moto samana munthu. Pamene iye akukusankhira makala ofiira, iwe wakhala kale pansi, mwafunsana za ana, za msana, za mtengo wa mafuta ophikira, kenako umati, paja mbuzi yanu ija dzulo inadutsa m'dimba. Nkhani yovuta imalowera pa moto. Ndiye ndinati, anthu a utsi wochuluka chotere, moto angausowe?

Ndinapita ndi Bana Mwape. Awa ndi aneba anga, amachita lendi chipinda chimodzi pa puloti yotsatira, chotsamira khoma lomwelo, ndipo akulera adzukulu ndi ndalama ya vitumbuwa. Ndi Mubemba wa ku Kasama. Kwa inu amene simudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timanyozana mwaufulu, pamaliro timapakana ufa kumaso, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Panjira Bana Mwape anandifunsa ngati chivundikirocho ndatengera mbewa zootcha. Ine ndinawayankha kuti ndawatenga iwowo kuti agalu akatuluka pageti ayambire pa nyama yozolowera kukwera mitengo.

Pageti tinapeza mlonda, bambo waulemu wake. Anayang'ana ine, anayang'ana chivundikiro, anayang'ananso ine. Anati muno mulibe mbaula, mulibe khitchini, muli makompyuta okhaokha, ndipo munthu salowa popanda kuitanidwa. Ndinamuthokoza. Tinakhala pamwala pambali pa geti, ndinayala chitenge bwinobwino, ndinayamba kuimba. Osati ya ndewu ayi, ya kutonthoza mwana, imene ndinapekera Taonga. Bana Mwape ankavomera ndi Chinyanja chawo chopindika.

Tili mkati moimba panafika galimoto yoyera. Mlonda anathamangira geti n'kuti, mwabwela ba Chanda.

Chanda. Ndinamva ngati Mulungu wandiponyera chimanga chokazinga m'manja. Dzina limenelo ndi la Chibemba kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinanyamuka, mawondo anaiwala kuti amadwala, ndinagogoda pagalasi ndi chivundikiro.

"Iwe Chanda, tsika mumtengomo. Anyani mukuwamba m'nyumba umu achuluka, utsi wafika kwa ambuya ako. Tipalireko moto."

Mlonda anauma ngati chitsa. Munthu uja, bambo wa magalasi, kakhadi kakulendewera pakhosi, anandiyang'ana kanthawi. Kenako anaseka mpaka anavula magalasiwo.

"Ba mbuya, mbeba zasila ku Chipata kuti mubwele kuvuta ise kuno?"

Basi, anali atalowa. Munthu amene wabweza chipongwe cha chimbuya sangayendetsenso galimoto n'kukusiya pamwala.

Mkati sanatilowetse, anati ngakhale mkazi wake sanapondemo. Koma anatitulutsira mipando pamthunzi, ndi madzi ozizira ngati a m'phanga. Anati iye ndi amene amayang'anira makina a pamalopo, ndipo nyumbayo amaitcha deta senta. Mkati muli makompyuta aatali ngati mawadilopu, mizere mizere, osagona usana ndi usiku, ndipo amatentha thupi ngati mwana wa malungo, choncho ayenera kupepeleredwa mphepo yozizira nthawi zonse. Anandifunsa ngati ndili ndi foni. Ndinaitulutsa pa mfundo ya chitenge. Ine kulemba sinditha, koma kudina n'kuyankhula ndimatha kuposa atsikana. Mwana wanga wamkazi wa ku Solwezi ndimamuimbira nyimbo zathunthu, ndipo zithunzi za Taonga zafika kale kwa abale onse.

Anati zinthu zimenezo, mawu, zithunzi, ndalama zotumiza pa foni, zonse zimafuna pogona, ndipo pogona pake ndi nyumba zonga imeneyi. Sanalumbire kuti nyimbo zanga zili m'menemo ndithu, koma anati ngati si muno, ndi mwa inzake. Makinawo akazima ngakhale pang'ono, tauni yonse imalira.

Ndinayang'ana foni yanga, ndinayang'ana chinyumba chija.

Kani mochale ija ikusunga nyimbo zanga? Kani moto umenewu nanenso ndimaukupizira ndikamadina foni? Ndiye mvetsani, anzanga, ine sindikufuna kuti nyumba ija igwe. Ndimaikonda foni yanga. Imandifikitsa ku Solwezi osakwera basi. Koma kukonda ndiwo sikutanthauza kuti wophika akuthire msuzi wotentha pamwendo.

Ndinamufunsa kuti nyumbayo imadya malaiti ochuluka bwanji. Anati saloledwa kunena. Ndinati, chabwino, tiyerekeze ndi mbali yathu ino ya Kanyama, wadyera ndani? Anayang'ana nsapato zake. Ndinafunsa za utsi. Anati majenseti amakonzedwa panthawi yake, mapepala alipo, ndipo utsi amaupima pakamwa pa paipi. Nanga kumene umakagona? Kumeneko anati sanapimeko. Mapaipi analozetsedwa kumbuyo, ndiponso m'munsi, chifukwa kumaso ndi kumene kumaima magalimoto a alendo. Pulani inajambulidwa kutali, ndipo pa pepala la ojambulawo kuseri kwa khoma kunali koyera, kopanda munthu.

Nayenso sanandisiye. Anati nanga mbaula zanu, nanga matayala ndi zinyalala zimene mumatentha pamsewu, umenewo ndi mafuta onunkhira? Ndinavomera, zoona sizibisika. Ndinati tibwezereni malaiti, mbaula tizizimitsa. Anati malaiti si ake, madzi ndiwo achepa ku damu. Zimenezonso ndi zoona. Tinakhala pamenepo anthu awiri, aliyense atanyamula zoona zake, mwana wanga akupita ku Matero. Ndiye ndinati, mbuya wanga, moto wandimana, koma mwendo usandimane. Bwera udzaone kwathu malaiti akapita.

Anabwera mawa lake, wapansi, akudumpha miyala ndi nsapato zake zonyezimira, ana a m'komboni ali pambuyo pake ngati abweretsa filimu. Majenseti anali pakati pa nyimbo. Ndinkaganiza zomuimika pakhonde. Koma apongozi anali atakonza zawo osandiuza. Anali atatulutsa zovala, atapinda zofunda, bedi ataliimika kukhoma, zonse za m'banja atazitsekera m'sutikesi. Anatsegula chitseko cha chipinda chija n'kugwada.

"Amai, ngenani chabe. Nachosa vonse."

Mapazi anga anakana. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa atsikana mwambo umenewu, lero ndiuponde ndine? Bana Mwape ndi amene anandithandiza, pakuti zimene mwini mwambo amaopa, mbuya amazichita akuseka. Anatapa ufa m'khitchini, anandiwaza pamphumi, anati nkhalamba ya mbewa iyi ikuopa una, anandikoka dzanja.

Ndinalowa.

Anzanga, khatani loyera limene ndinawagulira pa kicheni pate, phwando la mphatso za mkwatibwi, linali ngati nsanza ya pa galaja. Ndinapititsa chala pazenera, chinabwera chakuda bii. Kukhosi kunayamba kukanda, maso kulasa, ndipo khoma linkanjenjemera pansi pa chikhatho changa ngati ng'ombe yozizidwa. Pakona panali kaneti ka Taonga. Ba Chanda anaima pakhomo, chipongwe chitawathera.

Ndinatembenukira apongozi. Ndinati, mayi, munkagona bwanji muno?

"Nenze kukuuzani, amai."

Anangonena zomwezo, mofatsa, maso ali pansi. Pano akulemba akumwetulira. Lembani, ndinu mwini.

Ba Chanda anakhala nafe pakhonde, anamwa maheu, analankhula ngati munthu. Anati sabata iliyonse amayatsa majenseti kuwayesa, ngakhale malaiti alipo, ndipo amatero m'mawa pamene utsi umakwawa pansi. Zimenezo anati azisintha yekha, aziyesa masana mphepo ikakwera. Koma kutalikitsa mapaipi ndi kuwatembenuza n'za ndalama zambiri, ndipo eni ndalamazo ali kudziko lina. Anajambula khatani lija, anati akawatumizira, akawapempha. Tsiku sanalonjeze. Ponyamuka ananena mawu amene andigoneka ndi maganizo sabata yonse.

"Ba mbuya, kukamba zoona, lamulo yolimba inganithandize na ine. Ba bosi banga sibaziba chimbuya. Baziba chilango."

Mwamva? Ameneyo si ine, ndi munthu wa mkati.

Ife a m'komboni malamulo a moto timawadziwa kale, ngakhale sanalembedwe. Pitani pa puloti iliyonse ya mdadada, pamene mabanja ambiri amadyera mita imodzi. Wina akangolumikiza sitovu ya mapuleti awiri kuti aphike nyemba, malaiti a puloti yonse amagwa, ndipo alandilodi amayenda khomo ndi khomo akununkhiza. Amene wapezeka amauzidwa pamaso pa onse: nyemba n'za pa mbaula, mita ndi ya tonse. Mbaula nayo ili ndi malamulo ake. Umayatsira panja, kumene mphepo ikupita, osati pansi pa chingwe chimene mnzako wayanikapo matewera. Utsi ukatha ndi pamene umaisendeza pafupi. Ndipo wa mbaula yaikulu, uja wootcha chimanga kapena soseji za malonda, ndi amene amapita kutali kuposa onse. Palibe amene amati akumuzonda. Amadziwa kuti moto wake ndi waukulu.

Nanga Zambia si puloti ya mita imodzi? Tonse tikuyamwa mtsinje umodzi. Mtsinjewo ukaphwa, wometa tsitsi amakhala pakhomo akuthamangitsa ntchentche, wowotcherera zitseko amagona pa benchi, nsomba za amayi a pamsika zimawolera mu fuliji. Tsopano pa puloti pabwera mlendi watsopano, ndi sitovu yoposa masitovu onse. Timulandire, inde, abwera ndi ntchito, abwera ndi nzeru. Koma ndani akuyenda khomo ndi khomo kumununkhiza? Chifukwa chiyani chakudya chake chili chinsinsi, pamene mphika ndi wa tonse? Anene poyera kuti amadya chakuti, ndipo chaka cha njala adzachepetsa chakuti, anene m'chilankhulo chimene ine ndi Bana Mwape tingamve.

Denga la nyumba ija ndi lalikulu ngati bwalo la mpira, ndipo dzuwa la Lusaka limangosewerapo ulere. Ine nkhalamba ndili ndi kasola kanga kotchajira foni, ndimakayanika padenga ngati kapenta. Iwo a ndalama angalephere kubwera ndi kamba wawo wa paulendo, kuti asamangodalira mphika wathu ndi dizilo? Mwina sola singakwanitse zonse, ine si injiniya. Koma mlendo wodya kwambiri akabwera atanyamula kathumba ka ufa, ngakhale kochepa, timamuona kuti analeredwa.

Ba Chanda akuti nyumba zotere zikubwera zambiri, chifukwa masiku ano foni yayamba kuyankha mafunso ngati munthu. Yobe amaifunsa za injini ya minibasi, iyo n'kumuyankha mwaulemu. Akuti makina oyankhawo ndi anjala kuposa osunga zithunzi. Pa wailesi amatinso utsi wa dziko lonse ukakwera kumwamba umasokoneza mvula. Za kumwamba sindinapiteko, koma mvula ndikuiona ndi maso anga kuti yasintha makhalidwe. Ndiye taonani: mvula ikachepa, damu limachepa, malaiti amapita, majenseti amayaka, mbaula zimayaka, utsi umakwera, mvula n'kuchepanso. Chingwe chimenechi chatizinga tonse, wa magalasi ndi wa chivundikiro.

Ngati lamulo la nyumba zimenezi lilipo, litalikitseni miyendo lifike kuseri kwa khoma, kumene anthu amagona. Ngati kulibe, likhazikitseni nyumbazo zisanachuluke. Opima utsi adzaime pazenera la amake Taonga, osati pakamwa pa paipi pokha. Ojambula mapulani, asanajambule, adzapale moto kwa aneba, adzaone kuti pamene pepala lawo layera pali anthu, pali matewera pachingwe.

Chifukwa tinene zoona, ine chinandithandiza n'chiyani? Dzina la munthu. Akanakhala Mulozi, wopanda chimbuya ndi ife, bwenzi ndikadali pamwala paja ndikuimba. Akanakhala mzungu kapena Mtchaina bwenzi mlonda atandiperekeza mwaulemu mpaka pamsewu. Mwezi wamawa ba Chanda akhoza kusamutsidwa, n'kubwera wina amene sadziwa za mbewa ndi anyani. Chimbuya n'chokoma, chimatsegula mageti, chimaseketsa pamaliro. Koma mpweya wa mwana usadalire kuti bwana wa kuseri anabadwira chigawo chiti.

Lonjezo la mapaipi ndinalilandira ndi manja awiri. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lamulungu linali likubwera, ndipo chikwama cha ku Matero chinali chomanga kale.

Ndiye Yobe atabwera ku ntchito ndinamuuza kuti atulutse bedi langa. Chipinda chakumaso, chakutali ndi khoma, chikhale chawo. Ine ndipite kumbuyo.

Anakana. Anati chimenecho ndi chipinda cha atate ake, ndi mmene anatsirizikira, ndipo iye chimerereni ndevu sanalowemo. Anati anthu adzati Yobe wathamangitsira amayi ake ku utsi. Ndinamuuza kuti anthu adzanena mpaka pakamwa padzauma, kenako adzapeza nkhani ina. Atate ake akanakhalapo bwenzi atanyamula okha bedilo pamutu, anali munthu wokonda makanda kuposa ulemu wake. Ndipo chifuwa changa n'chakale, chinaphikira pa nkhuni, chinaphikira pa mbaula, dizilo akalowamo apeza anzake atakhala kale pamipando. Cha Taonga n'chatsopano, sichinalembedwepo kanthu.

Loweruka tinasamuka, ulendo wa mapazi ochepa koma wolemera ngati wochoka ku Katete. Bana Mwape ndiwo anatsogolera, ufa m'manja, chipongwe pakamwa. Anawaza pakhomo langa, anakankha Yobe kuti alowe, anati mwana wa mbewa walowa una wa amake ndipo dziko silinathe. Thiranki la malemu linatuluka, aneba anasuzumira pampanda, ine ndinawaimbira kuti asuzumire bwino. Apongozi anaima pakati pa chipinda chatsopano, anayang'ana zenera loona kumsewu, anatsegula, analowetsa mphepo. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kumasula chikwama. Anaimbira foni ku Matero, asewere anati abwera okha kudzaona ndi maso, ndipo ndawasungira tambala.

Tsopano ndimagona kumbuyo. Pazenera ndapachika saka lonyowa, majenseti akayamba ndimatuluka kukakhala pakhonde, ndipo ndapeza kuti kulira kwawo kuli ndi kayendedwe kake, munthu ukhoza kuikapo nyimbo. Ndimatsokomolako, sindikana. Koma m'mawa ndikaima patali ndi khomo lakumaso, monga mwa mwambo, ndimamva Taonga akuyamwa, akumeza, akupuma, akumezanso, kamphuno kali mbee. Kenako amake amanditulutsira, ndimamusambitsa, amandikodzera pachitenge, ine nthungululu. Mdzukulu ali pano. Dzino loyamba ndidzaliona ndine.

Tsiku losamuka lija, titamaliza, ndinawathirira Bana Mwape tiyi. Anamwa mwachangu, anapukuta ufa m'manja, anati apite, malaiti apitanso ndipo adzukulu awasiya okha. Ndinawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo pawo. Khomo limodzi, chipinda chimodzi, zenera limodzi, ndipo zeneralo layang'ana khoma lomwe lija. Wamng'ono mwa adzukuluwo sanayambe n'kuyenda komwe.

Inu amene timakusankhani kuti mukatikhalire m'nyumba ya malamulo, ine ndinali ndi chipinda chosinthana. Bana Mwape asinthana ndi ndani?